Kodi nkhani za James Herriot zinachitikadi?

Mayi wina amene amaphunzitsa Chingerezi pa sukulu ya sekondale wanditumizira imelo yokhala ndi funso limene ndaona kuti ndiliyankhe poyera. Akuti anagula buku lothaitha la All Creatures Great and Small kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu, ndipo atalimaliza anatsala ndi chikayiko. Mawu awo ndi awa: "Kodi James Herriot anali munthu weniweni, ndipo nkhani zakezi zinachitikadi? Zikukoma mopitirira muyeso, ndiye sindikufuna kuuza ana kuti ndi mbiri yoona pamene zili nthano. Nanga alipo mabuku ake ena oti ndifunefune?"

Mayi, munthuyo analipodi ndipo ziweto ankazichizadi, koma dzina lake, tawuni yake, zaka ndi mayina a anthu onse anazisintha dala. Dzina lake lenileni linali James Alfred Wight, ndipo anzake ankangomutcha Alf. Anabadwira ku Sunderland, kumpoto kwa England, pa 3 Okutobala 1916, koma anakulira ku Glasgow m'dziko la Scotland, komwenso anaphunzira udokotala wa ziweto mpaka kumaliza mu 1939. M'chaka cha 1940 analembedwa ntchito ndi dokotala mnzake, Donald Sinclair, m'katawuni ka Thirsk m'chigawo cha Yorkshire, ndipo m'nyumba ya nambala 23 mu msewu wa Kirkgate ndimo anagwirira ntchito zaka pafupifupi 50. Kulemba mabuku anakuyamba mochedwa, atakwanitsa zaka 50, mkazi wake Joan atamuuza mosapsatira kuti nyimbo yoti "ndidzalemba buku" waiimba kokwanira.

Dzina lobisalira silinali lodzikometsera ayi. Malamulo a ntchito ya udokotala wa ziweto ku Britain nthawi imeneyo ankaletsa dokotala kuchita chilichonse chooneka ngati kutsatsa malonda, ndipo buku losindikizidwa m'dzina lake lenileni likanamuika m'mavuto. Tsiku lina akuonera mpira pa wailesi ya kanema, anaona goloboyi wa Birmingham City, Jim Herriot, ndipo dzinalo linamugwira mtima. Atayamba kubisa lake, anabisanso a ena onse. Donald Sinclair anasanduka Siegfried Farnon, mng'ono wake Brian anasanduka Tristan, Joan anakhala Helen, ndipo Thirsk inaphatikizidwa ndi matawuni ena monga Richmond, Leyburn ndi Middleham n'kutuluka tawuni yopeka ya Darrowby. M'buku, dokotala wachinyamatayo amafika mu 1937, zaka zitatu Wight weniweni asanafike. Helen ndi mwana wa mlimi, pamene Joan anali mlembi mu ofesi ya kampani yogulitsa mbewu. Nkhani zambiri zimene anaziika m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 zinachokera ku zimene anakumana nazo patapita zaka makumi awiri kapena atatu.

Mukaona mndandanda umenewu mukhoza kunena kuti basi, ndi nthano. Ine sindikuvomereza, ndipo umboni wanga uli m'mutu woyamba weniweni wa buku muli nalolo. Mukukumbukira kuti dokotala ali chigonere chafufumimba pansi pa miyala m'khola, wavula malaya, chipale chofewa chikulowa pakhomo n'kumamugwera pamsana, mkono wonse uli m'mimba mwa ng'ombe imene ikulephera kubereka chifukwa mutu wa mwana wapindikira kumbuyo. Iye akulimbana kuti akole chibwano cha mwanayo ndi kachingwe, ndipo ng'ombe ikamakankha, mkono wake ukupanikizika pakati pa mafupa mpaka kuchita dzanzi. Pambali pali mkulu wina, m'bale wa mwini ng'ombe, amene sakuthandiza kalikonse koma kutamanda dokotala wina wa kwawo. Patapita maola awiri mwana akutuluka, amayi ake akuyamba kumunyambita, ndipo mlimi akutchula za chakumwa. Dokotala akuthokoza, m'maganizo mwake muli tiyi wotentha, koma mlimi akumuwongolera kuti amafunsa za ng'ombe. Munthu amene sanalowetsepo mkono m'ng'ombe sangadziwe kuti kachingwe kamakolekedwa pati, kapena kuti dzanja limafa liti. Tsiku ndi dzina la mlimi akhoza kuzisuntha, koma ntchito imene ikufotokozedwayo ndi ya munthu amene anaigwira kambirimbiri usiku wa chisanu.

Chimodzimodzinso ndi kagalu kotchuka kaja, Tricki Woo, ka mayi wolemera amene m'buku akutchedwa Mrs Pumphrey. Kagaluko kanali kudwala chifukwa chodyetsedwa makeke ndi zonona, ndipo dokotala anakatenga kwa masabata awiri osakapatsa mankhwala alionse, koma chakudya chochepa ndi mpata wothamanga ndi agalu anzake. Mazira ndi vinyo zimene mayiyo ankatumiza kuti wodwala apeze mphamvu zinkathera m'mimba mwa madokotala. Nkhani imeneyi inachokera kwa mayi weniweni wa m'dera la Thirsk amene anali ndi kagalu kotere, ngakhale kuti wolembayo anaithira mchere. Ndimaikonda chifukwa Herriot sadziyeretsa: akuvomera poyera kuti mphatso za mayiyo zinkamukomera, ndipo ankakhala ndi chifukwa chofunira kuti ubale wake ndi kagaluko usathe.

Pali choona china chimene mabukuwa anasunga, chomwe mwina ndicho chofunika koposa kwa mphunzitsi. Wight anayamba ntchito pamene ulimi wa ku Yorkshire unkasintha. Akavalo olima ankatha m'mafamu chifukwa cha mathirakitala, alimi ang'onoang'ono a ng'ombe zochepa ankamezedwa ndi mafamu akuluakulu, ndipo mankhwala a sulfa komanso penisilini ankalowa m'malo mwa zosakaniza zakale zimene nthawi zambiri zinkangosangalatsa maso a mlimi. Iye analemba za alimi ouma manja, osachedwa kukayikira munthu wophunzira, olipira mochedwa, koma amene ankatha kumuitanira patebulo atatha kumunyoza m'khola. Analembanso za okalamba osauka amene galu ndiye anali mnzawo yekhayo wotsala. Ena amati mabukuwa ndi otsekemera kwambiri, koma amene amatero ayenera kuti sanawerenge bwino, pakuti ziweto zimafa m'masamba amenewa, ndipo nthawi zina zimafa dokotala atalakwitsa.

Kumene ndikuona kuti chikayiko chanu chili ndi maziko ndi pa anthu. Donald Sinclair sanakondwere ndi mmene anajambulidwira ngati Siegfried, munthu wopupuluma, woiwalaiwala, wonena izi lero n'kudzazikana mawa, ngakhale kuti ambiri omudziwa ankati bukulo linachita kumuchepetsera. Awiriwa anapitirizabe kugwira ntchito limodzi, koma nkhaniyi ikusonyeza kuti dzina lopeka silibisa munthu m'tawuni yaing'ono. Mwana wa wolembayo, Jim Wight, amenenso anakhala dokotala wa ziweto, anatulutsa mbiri ya bambo ake mu 1999 yotchedwa The Real James Herriot, ndipo ndi mmene mungapeze kusiyana kwa Alf ndi James. Ana anu auzeni kuti ndi zokumbukira za munthu weniweni zimene zinakonzedwa mwaluso la wolemba nthano, ndipo musawalole kutengamo madeti ngati kuti ndi buku la mbiri.

Tsopano za mabuku ena. Limene muli nalolo kwenikweni ndi mabuku awiri omangidwa pamodzi. Loyamba, If Only They Could Talk, linatuluka ku Britain mu 1970 ndipo silinayende malonda kwenikweni. Lachiwiri linatsatira mu 1972, ndipo chaka chomwecho kampani ya St. Martin's Press ya ku New York inawaphatikiza pansi pa mutu wotengedwa m'nyimbo ya m'tchalitchi imene Cecil Frances Alexander analemba mu 1848. Kutchuka kwake kunayambira pamenepo, ndipo BBC inapanga masewero a pa kanema kuyambira 1978 mpaka 1990, kenako Channel 5 inayambanso ena mu 2020. Funafunani All Things Bright and Beautiful la 1974, limene kwa ine likufanana mphamvu ndi loyambalo. All Things Wise and Wonderful la 1977 lili ndi zigawo za nthawi imene anali m'gulu la nkhondo la m'mlengalenga la Britain, RAF, ndipo zigawozo ndimaziona zofowokerapo, moti wolembayo amachita kuthawira ku Darrowby m'maganizo pafupifupi mutu uliwonse. Kenako pali The Lord God Made Them All la 1981, ndi lomaliza, Every Living Thing la 1992, limene linatuluka patatsala zaka zitatu kuti amwalire ndi khansa pa 23 Febuluwale 1995. Pogula chenjerani ndi mabuku ang'onoang'ono osindikizidwa ku Britain, chifukwa ena mwa iwo, monga It Shouldn't Happen to a Vet, ali kale m'kati mwa buku lanulo, ndipo mukhoza kulipira kawiri nkhani zomwezo.