Kwa achemwali amene mwafunsa zogula timakina ta m'khutu

Achemwali, funso lanu ndaliona usiku wathawu. Mwati amayi a ku mpingo kwanu, pamodzi ndi abale ena amene ali ku Joni ndi ku UK, mwasonkha kangachepe kuti muthandize ana osamva, ndiye mukufunsa ngati kuli bwino kugula timakina tovala m'khutu tija n'kukagawa pasukulu ina. Ambiri akuyankhani kale kuti gulani basi, Mulungu akudalitseni. Ine ndiyankha mosiyanako, ndipo mundikhululukire kutalika, chifukwa nkhaniyi takhala nayo m'nyumba mwathu zaka zoposa 20.

Mng'ono wanga anasiya kumva ali ndi zaka 3, atadwala malungo aakulu aja okomola mwana. Anachira, koma tinkati tikamuitana ali chafufumimba sankatembenuka. Kumudzi ananena zambiri, ena amati walodzedwa, ena amati ndi mwano chabe. Patapita zaka kunabwera alendo ena achifundo, anamupatsa kamakina, anamujambula chithunzi akumwetulira, n'kumapita. Kanagwira ntchito miyezi yowerengeka. Batire litatha tinafunafuna m'magolosale onse a pa trading centre osalipeza, poti ndi kabatire kakang'ono ngati batani la malaya. Titalipeza m'tauni, khutu la mwana linali litakula, kachikombole kolowa m'khutu kaja sikankakwananso, kamakina kankangolira mluzu. Kanathera m'chitini chimene amayi ankasungiramo singano ndi ulusi.

Sindikunena kuti timakinati n'topanda ntchito ayi. Kamakina kamakweza mawu, ndiye kamathandiza kwambiri munthu amene kumva kwake kwangochepa. Kwa mwana amene samva n'komwe, nthawi zambiri kamangomupatsa phokoso lopanda tanthauzo. Ndiponso si chinthu chogawa ngati mabulangete. Pamafunika katswiri ayeze khutu lililonse palokha, atchere kamakinako molingana ndi zimene wapeza, aumbe kachikombole, ndipo mwanayo azibwereranso kukaonedwa akamakula. Ngati mtima wanu uli pomwepo, pitani mukacheze ndi a ABC Hearing Clinic ku African Bible College ku Lilongwe, kapena a gawo loyeza makutu pa Queens ku Blantyre, mumve kuti akusowa chiyani. Mwina akuuzani kuti chosowa ndi mabatire ndi ndalama yoyendera makolo, osati makina ena atsopano. Safunsa anadya phula.

Koma chimene chinasintha moyo wa mng'ono wanga si kamakina. Ali ndi zaka 9 anapita kusukulu yogonera komweko ya ana osamva. Tchuthi choyamba anabwera ali munthu wina. Manja ake ankangothamanga, nkhope ikusinthasintha, akufuna kutiuza za anzake, za aphunzitsi, za chakudya cha kumeneko. Ife tinangoti kukamwa yasa. Mwana anapeza chinenero, koma kwawo kunalibe ndi mmodzi yemwe womuyankha. Ndimakumbukira tsiku lina madzulo tikudya nsima, tonse tikuseka nthabwala ya malume, iye anatiyang'ana mmodzimmodzi, kenako anatenga mbale yake n'kukadyera kuseri kwa nyumba. Zaka 6 zija, kuchokera pomwe anadwala kufika pomwe anapita kusukulu, anakhala wopanda chinenero chilichonse, kupatula tizizindikiro tochepa ta m'nyumba tonena kuti idya, bwera, gona. Mpaka lero, ngakhale ndi mayi wa ana awiri wodzidalira pa ntchito yake yosoka, kuwerenga kalata yaitali kumamuvuta, ndipo iye mwini amati vuto linayambira pa zaka zimenezo.

Apa ndi pamene ndikufuna muganizirepo. Ana osamva oposa 90 pa 100 aliwonse amabadwa kwa makolo akumva, amene sanaonepo chinenero chamanja chiyambire. Ubongo wa mwana umatola chinenero mosavuta m'zaka zoyambirira, makamaka asanakwane zaka 5, ndipo suyang'ana kuti chalowera m'khutu kapena m'maso. Nthawi imeneyo ikadutsa mwana ali chete, kubweza kwake n'kovuta. Ndiye ndalama yochepa imene ingachite zazikulu ndi yolipira mphunzitsi, makamaka amene iye mwini ndi wosamva, kuti aziphunzitsa makolo, agogo ndi abale a anawo chinenero chamanja, sabata ndi sabata, kwa miyezi ingapo. Zimenezi sizioneka bwino pa chithunzi cha pa Facebook, ndikudziwa. Palibe katoni yoti muimirire pambali pake.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amalakwitsa pa chinenerochi. Ena amaganiza kuti n'chimodzi dziko lonse lapansi. Ayi, zilipo zoposa 300, ndipo cha ku Malawi n'chosiyana ndi cha ku Britain kapena cha ku America. Choncho abale a ku UK aja asatumize mabuku a chinenero chamanja cha kumeneko poganiza kuti athandiza. Ena amaganiza kuti ndi Chichewa chomwechi chongoikidwa m'manja. Ayinso. Chili ndi malamulo akeake, ndipo nsidze, milomo ndi kapendekedwe ka mutu zimagwira ntchito imene kwa ife imagwiridwa ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu. Munthu akamafunsa funso, mumaliona pa nsidze. Bungwe la anthu osamva m'dziko muno, Malawi National Association of the Deaf, limene ambiri timangoti MANAD, linatulutsa dikishonale ya chinenero chamanja cha ku Malawi mothandizana ndi bungwe la anthu osamva la ku Finland. Imeneyo ndi ntchito ya mabungwe imene ine ndimaivulira chipewa, chifukwa anaigwira ndi eni chinenero.

Ndipo a MANAD ndi amene muyenera kuyamba kuwaona musanagule ngakhale pensulo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Bungweli limatsogoleredwa ndi anthu osamva eni ake, lili pansi pa FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, komanso limalumikizana ndi World Federation of the Deaf, bungwe la anthu osamva la dziko lonse lapansi limene linakhazikitsidwa ku Rome mu 1951. Muyeso womwewu muugwiritse ntchito pa bungwe lina lililonse limene lingabwere kudzakupemphani kuti ndalama zanu zidzere kwa ilo. Funsani kuti mu komiti yawo muli anthu osamva angati, pa antchito olipidwa alipo angati, ndipo mkulu wawo angathe kucheza ndi mwana wosamva popanda womasulira kapena ayi. Ndaonapo misonkhano ya kunyanja yokambirana za anthu osamva, anthu atavala malaya a yunifolomu, alawansi atasainira, koma m'chipindamo mulibe wosamva ndi mmodzi yemwe. Kapena alipo awiri, awakhazika kumbuyo, womasulira palibe chifukwa bajeti inathera pa chakudya.

Za omasulirazi ndiye ndikhalepo pang'ono, poti ndi pamene pali bala. M'dziko muno omasulira ophunzitsidwa bwino ndi ochepa kwambiri, ndipo ambiri ali m'mizinda. Mng'ono wanga ali woyembekezera mwana wake woyamba, ndinkamuperekeza kusikelo pachipatala china. Tsiku lina ndinachedwa. Dzina lake linaitanidwa katatu iye ali pabenchi pomwepo, ndipo atafika kutsogolo anakalipiridwa kuti ndi wamwano. Ine nditafika ndinamasulira zonse, kuphatikizapo mafunso a m'chipinda choyezera magazi, mafunso amene mkazi aliyense safuna kuti mkulu wake awamve. Tikubwerera anandiuza kuti amandikonda, koma tsiku limenelo ankalakalaka ndikanakhala mlendo. Taganizani tsopano mtsikana wosamva amene wachitidwa nkhanza ndi wachibale, ndiye kupolisi womumasulira ndi wachibale winanso wa m'nyumba yomweyo. Mlandu umenewo umafera panjira.

N'chifukwa chake womasulira ayenera kukhala wophunzitsidwa, wosunga chinsinsi, ndiponso wolipidwa. Kuno timakonda kuona kumasulira ngati ntchito ya chifundo imene munthu amangothokozedwa ndi botolo la Fanta. Zotsatira zake, amene adziwa bwino amasiya n'kukafuna ntchito zina. Ndipo si aliyense wogwedeza manja amene akumasulira. Mukukumbukira mwambo wokumbukira Nelson Mandela ku Johannesburg mu December 2013, pamene munthu anaima pafupi ndi atsogoleri a mayiko akugwedeza manja zopanda tanthauzo? Akumva onse ankaona ngati zili bwino. Amene anaulula anali anthu osamva. Ndiye mukafuna womasulira, afunseni iwowo kuti amene amamumva bwino ndi uti.

Sukulu zilipo, koma n'zowerengeka: Maryview ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, Mountain View ku Bvumbwe, Mua ku Dedza, Embangweni ku Mzimba, Bandawe ku Nkhata Bay, ndi ina ku Karonga. Zambiri zinayambitsidwa ndi mipingo. Aphunzitsi a maphunziro apadera amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort, ku Nguludi komweko. Poti ndi zogonera ndipo zili kutali ndi kwawo kwa ana ambiri, mwana amatha kujomba teremu yonse chifukwa chosowa ya basi ndi sopo. Mukawaimbira aphunzitsi aakulu akuuzani okha. Vuto lina lalikulu lili kusekondale, kumene mwana amene waphunzira zaka zonse ndi manja amakaikidwa m'kalasi ya ana akumva, mphunzitsi akulankhula atayang'ana kubolodi. Amati maphunziro ophatikiza, koma kukhala m'chipinda chimodzi si kuphunzira limodzi.

Ndingowonjezera kambiri kakale pang'ono, kuti mumvetse chifukwa chake achikulire ena osamva amakwiya akamva mawu oti "tiwaphunzitse kulankhula". Mu 1880 aphunzitsi a ana osamva anasonkhana ku Milan, ku Italy, n'kugamula kuti kusukulu ana aziphunzitsidwa ndi pakamwa pokha, manja ayi. Pafupifupi onse amene anavota anali akumva. Maganizo amenewo anafalikira m'mayiko ambiri kwa zaka pafupifupi 100, ana akulangidwa chifukwa cholankhula ndi manja. Msonkhano wa mtundu womwewo unadzakana chigamulocho poyera mu 2010 ku Vancouver. Anthu aja a ku Milan nawonso ankati akuthandiza.

Kumbali ya malamulo sitili pa ziro. Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, tinakhala ndi lamulo la za ulumali mu 2012, ndipo lina latsopano linabwera mu 2024. Pa nkhani za pa MBC mumamuona womasulira pakona. Koma anzathu anapita patsogolo: Zimbabwe inaika chinenero chamanja pa zinenero 16 zovomerezeka m'malamulo ake aakulu a 2013, South Africa inachipanga kukhala chinenero cha boma cha nambala 12 mu 2023. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 aliwonse a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina wake, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi a iwowa amavutika kumva. Si kagulu kochepa koti tizikakumbukira pa 23 September pokha, tsiku la zinenero zamanja.

Zina sizifuna n'komwe ndalama. Nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023, machenjezo ambiri ankadzera pa wailesi ndi pa zimkuzamawu. Mng'ono wanga anadziwa chifukwa woyandikana naye nyumba anakamugwira dzanja. Uthenga wa maliro, wa katemera, wa kuponi ya feteleza, umayenda chimodzimodzi, ndiye pamudzi pakhale munthu amene ntchito yake ndi kukauza wosamva. Mukamajambula kanema wa gulu lanu, ikanimo mawu olembedwa. Pa WhatsApp musamutumizire voice note. Kutchalitchi musiyireni mpando wakutsogolo, powala. Ndipo mukaona mwana akutuluka mafinya m'khutu, uzani amayi ake athamangire naye kuchipatala, asathiremo mafuta kapena madzi a masamba, chifukwa ana ambiri amataya kumva pa matenda ochizika ngati amenewa.

Mawu nawonso muwasamale mukamalemba zikalata zanu. "Bubu" ndi chipongwe, musaliyerekeze. "Gonthi" ena amalilola, ambiri limawawawa. Ngakhale "wosamva" ali ndi vuto lake, poti pa Chichewa mwana wosamva ndi mwana wamwano, n'chifukwa chake ena amakonda kunena kuti "a vuto la kumva", pamene mng'ono wanga amati iye alibe vuto, vuto lili ndi ife osadziwa manja. Afunseni amene mukugwira nawo ntchito kuti akufuna muziwatchula bwanji.

Ndalamazo zikanakhala m'manja mwanga, ndikanasankha dera limodzi lokha, n'kupempha a MANAD atipezere mphunzitsi wosamva woti aphunzitse makolo ndi anamwino angapo a pachipatala chapafupi, gawo lina n'kusungira kulipira womasulira wina akafunika kuchipatala kapena kupolisi, yotsalayo ya basi ya ana obwerera kusukulu. Amayi athu anayamba kuphunzira manja ali ndi zaka zoposa 50, zala zitauma kale ndi khasu, ndipo lero iwo ndi mng'ono wanga amatijeda tili pomwepo.

Ndamuonetsa funso lanu m'mawa uno. Wati ngati mukumana Loweruka likubwerali abwera adzakuuzeni yekha, ndipo womasulira adzabwera naye wake, osati ine. Wangopempha kuti mudzakhale panja kapena pafupi ndi windo, ndipo msonkhano udzathe dzuwa lisanalowe, poti magetsi a kwanuko sawakhulupirira.