Kodi sitima ya Mendi inamizidwa ndi Ajeremani?

Bambo wina wokhala ku Johannesburg watitumizira funso pa imelo. Akuti anaona mwala wachikumbutso wa sitima ya Mendi kumanda a Avalon ku Soweto, ndiye akufuna kudziwa ngati sitimayi inaphulitsidwa ndi Ajeremani, komanso chimene chinachititsa kuti anthu afe ochuluka chotere.

Ayi bambo, panalibe bomba kapena sitima ya mdani. Mendi inagundidwa ndi sitima inzake ya ku Britain.

Sitimayi inapangidwa mu 1905 ku Glasgow ndi kampani ya Alexander Stephen and Sons. Inali ya matani 4,230, ndipo ntchito yake inali kunyamula anthu ndi katundu pakati pa Liverpool ndi madoko a kumadzulo kwa Africa pansi pa kampani ya Elder Dempster. Mu 1916, pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, boma la Britain linaibwereka kuti izinyamula asilikali. Apa ndi poyenera kumvetsa bwino: sitima yapaulendo ikasanduka ya asilikali, zipinda zake sizikwanira, choncho anthu amagonekedwa m'malo osungira katundu, pansi penipeni, pomwe potulukira pake ndi makwerero ochepa opapatiza.

Mu Januwale 1917 Mendi inanyamuka ku Cape Town ndi amuna 823 a gulu la South African Native Labour Corps. Amunawa sankaloledwa kugwira mfuti. Ankapita ku France kukatsitsa katundu m'madoko, kudula mitengo ndi kukonza misewu. Sitima itaima ku Plymouth ku England, inanyamukanso kulowera ku doko la Le Havre ku France moperekezedwa ndi sitima yankhondo ya HMS Brisk.

M'bandakucha wa pa 21 Febuluwale, cha m'ma 5 koloko, panyanja panali chifunga chadzaoneni, makilomita pafupifupi 20 kummwera kwa chilumba cha Isle of Wight. Lamulo la panyanja m'chifunga ndi losavuta: chepetsa liwiro, uziliza wezulo pafupipafupi. Mendi inali itachepetsa liwiro. Koma Darro, sitima ya matani oposa 11,000 ya kampani ya Royal Mail Steam Packet yomwe inkapita ku Argentina, inabwera pa liwiro lake lonse osaliza wezulo. Inaboola Mendi mbali ya kumanja, chakutsogolo, malo omwe amuna ambiri anali m'tulo. Ena anafera pomwepo, ena madzi anawatsekera mkati.

Pasanathe theka la ola sitima inali itamira. Itayamba kupendekera, kutsitsa mabwato opulumukira kunavuta, ndipo mabwatowo sakanakwanira anthu onse. Otsalawo anadalira ziphaka ndi malamba oyandamitsa. Lamba amathandiza kuti munthu asamire, koma sateteza ku kuzizira, ndipo madzi a English Channel, nyanja ya pakati pa England ndi France, mu Febuluwale amaumitsa manja m'mphindi zochepa, munthu n'kulephera kugwira chingwe. Ambiri anafa ndi kuzizira ali chiyandamire.

Chomwe chimapweteka kwambiri pa nkhaniyi ndi zimene Darro inachita itagunda. Inaima chapafupi koma sinatsitse bwato ngakhale limodzi. Amene anasakasaka anthu mumdimamo ndi amalinyero a Brisk. Anthu 646 anafa, ndipo 607 mwa iwo anali anthu akuda a gulu lija. Bwalo lofufuza linapeza kaputeni wa Darro, Henry Stump, wolakwa chifukwa cha liwiro, kusaliza wezulo ndi kusathandiza omira. Chilango chake? Kumulanda chiphaso kwa chaka chimodzi chokha. Kwa ife chilangochi chinachepa kwambiri.

Mwina kumeneko munamvanso za M'busa Isaac Wauchope Dyobha, amene akuti analimbikitsa anzake kuti afe ngati abale, iwo n'kuvina pamwamba pa sitima ikumira. M'busayu analidi m'sitimamo ndipo anafera momwemo, koma mawu ake ndi gule uja zinafika kwa ife kudzera m'nkhani zosimbidwa pakamwa patapita zaka.

Amuna akuda a ku South Africa amene anatumikira m'gululi sanapatsidwe mendulo ya nkhondoyo. Mayina a omwe matupi awo sanapezeke analembedwa pa chikumbutso cha Hollybrook ku Southampton. Zotsalira za sitimayi zinazindikiridwa pansi pa nyanja mu 1974, ndipo belu lake linabwezedwa ku South Africa mu 2018, pamene Theresa May, nduna yaikulu ya Britain pa nthawiyo, analipereka kwa pulezidenti Cyril Ramaphosa ku Cape Town.