Kodi Mmalawi angavote ali kunja? Kuyankha kalata yochokera ku Manchester

Mayi wina amene akugwira ntchito yaunamwino ku Manchester wanditumizira imelo. Akuti mnzake wa kuntchito ndi wa ku America, ndipo pa chisankho chawo cha 2024 anavota ali konko ku Mangalande, pepala lovotera n'kulitumiza kwawo pa positi. Koma iwo chisankho chathu cha pa 16 Seputembala 2025 chinawadutsa akungoonera pa Facebook. Funso lawo n'lakuti, "Kodi ife Amalawi tilibe njira ngati imeneyi? Kapena ndikanapita ku ofesi ya kazembe wathu ku London?"

Achemwali, musataye ndalama ya sitima kupita ku London. Mmalawi amene ali kunja alibe njira yoponyera voti, kaya pa positi, kaya ku ofesi ya kazembe, kaya kutuma m'bale kuti akamuvotere. Bungwe loona za zisankho la MEC limayendetsa kalembera ndi kuvota m'dziko momwemo basi.

Komatu ufulu wanu sunachotsedwe ayi. Gawo 77 la malamulo aakulu a dziko limati munthu wa zaka 18 amene ndi nzika akhoza kulembetsa m'dera limene amakhala, limene amagwira ntchito kapena kuchita bizinesi, kapenanso limene anabadwira. Mawu akuti "anabadwira" ndi amene akukutetezani. Ngakhale mutatha zaka makumi awiri kunja, dera lanu la ku Ntcheu kapena ku Nkhata Bay likadali lanu. Ndiponso kuchokera pamene Nyumba ya Malamulo inavomereza unzika wa mayiko awiri mu Disembala 2018, kutenga pasipoti ya Britain si kutaya Umalawi monga zinalili kale. Vuto ndi thupi lanu: liyenera kuonekera kawiri, pa kalembera ndi pa tsiku lovota.

Ambiri amagwa ndi ulendo woyambawo. Amasunga tchuthi kuti adzafike mlungu wa chisankho, poganiza kuti pokhala ali ndi chiphaso cha unzika cha ku NRB, zonse zili bwino. Chiphasocho n'chofunika, popanda icho simulembetsa, koma pachokha sichikuikani m'kaundula wa ovota. Kalembera wa chisankho cha 2025 anayamba mu Okutobala 2024, pafupifupi chaka chathunthu tsiku lovota lisanafike, ndipo ankayenda m'magawo atatu, boma lililonse masiku ake owerengeka. Amene analembetsa mu 2018 anayenera kulembetsanso mwatsopano. Tsono munthu wa ku Manchester ankafunika matikiti awiri a ndege, ndi abwana omvetsa zinthu kawiri. Anzathu a ku Joni amene amakwera basi kudzera ku Tete n'kulowera pa Mwanza kapena pa Dedza akhoza kuyesa, koma nawonso amene mapepala awo sali bwino amaopa kutuluka, poti kubwerera n'kumene kumavuta.

Za mnzanu wa ku America uja, iye akutetezedwa ndi lamulo la 1986 lokhudza asilikali ndi nzika zokhala kunja. Amadzaza fomu imodzi yotchedwa FPCA, imene imamulembetsa n'kupemphanso pepala lovotera, ndipo amaitumiza ku ofesi ya zisankho ya dera limene anakhalako komaliza asanachoke. Lamulo lina la 2009 limakakamiza ma state, zigawo za dziko la America, kutumiza mapepala ovotera kutatsala masiku 45. Likachedwa, pali pepala lapadera, FWAB, limene munthu amasindikiza yekha n'kulembapo dzina la amene akumufuna. Zonsezi zimayenda chifukwa positi yawo ndi yodalirika, ndipo nyumba iliyonse ili ndi adiresi.

Ife tisadzifanizire ndi America. Tiyang'ane kuseri kwa mpanda. Mozambique, mwa mipando 250 ya nyumba yake ya malamulo, iwiri inapatulidwira nzika zokhala kunja, umodzi wa a mu Africa, winawo wa a kwina konse, ndipo anthu a ku Mozambique okhala ku Malawi amavota ali ku Malawi komweko. South Africa inatsegula chitseko khothi lake lalikulu litagamula mlandu wa nzika yake ina, Richter, mu 2009, ndipo nzika zake zimavota m'maofesi a akazembe. Kenya inayamba pang'ono mu 2013, ndi mayiko anayi a kum'mawa kwa Africa, koma pofika 2022 anali khumi ndi awiri, kuphatikizapo Britain ndi America, ndipo amavotera mtsogoleri wa dziko yekha. Zimbabwe ndiye inakanitsitsa, khothi litakana pempho la okhala kunja mu 2018.

Nanga ife chikutiletsa n'chiyani? Ndalama amazitchula kawirikawiri, ndipo n'zoona kuti chisankho n'chodula. Palinso nkhani ya madera: tili ndi aphungu 229 ndi makhansala mazanamazana, ndiye ofesi imodzi ya kazembe singasunge mapepala a madera onsewo. Koma ine ndimaona kuti chachikulu ndi kukhulupirirana. Dziko limene linaona Tipp-Ex pa mapepala a zotsatira mu 2019, mpaka khothi kufafaniza chisankho pa 3 Febuluwale 2020, limakhulupirira zimene likuona ndi maso: inki pa chala, mavoti kuwerengedwa pomwepo pasukulu, amonitala a zipani atayang'anitsitsa ndi tochi m'manja. Tangoganizani envulopu zikwizikwi zikutsika pa bwalo la ndege la Kamuzu, zitadindidwa kumene palibe monitala anaona. Wogonja aliyense angayambire pomwepo. N'chifukwa chake voti ya pa positi ine sindiifunira Malawi pakadali pano, ngakhale ndikudziwa kuti ena akwiya nane.

Njira ya Kenya ndiye ndimaiona yotheka. Mtsogoleri wa dziko amasankhidwa ndi dziko lonse ngati dera limodzi, ndiye pepala ndi limodzi lomwelo kaya uli ku Mzimba kaya ku Pretoria. Bokosi likhale ku ofesi ya kazembe, zipani zitumize anthu awo, mavoti awerengedwe pomwepo. Chotsala n'chakuti aphungu asinthe lamulo, ndipo apa m'pamene pagona nkhani, chifukwa pansi pa dongosolo la 50+1 palibe chipani chimene chimakonda ovota amene sichidziwa kumene apendekera, amenenso sichingawagawire nsalu kapena chimanga.

Pali chinthu china chimene mwina simunauzidwe. Malawi ali mu Commonwealth, ndipo nzika za Commonwealth zimene zili ndi chilolezo chokhala ku Britain zimaloledwa kuvota kumeneko, ngakhale pa chisankho cha aphungu a Nyumba ya Malamulo ya ku Westminster, popanda kudikira pasipoti yawo. Mumalembetsa pa intaneti, mumphindi zochepa, ndi nambala yanu ya National Insurance. Pokavota ku England amafuna chiphaso cha chithunzi, ndipo pasipoti ya Malawi amailandira. Mukakhala pa shifiti tsikulo, mukhoza kupempha voti ya pa positi ngati mnzanu uja.

Za kumudzi, chisankho chachikulu chotsatira chili mu Seputembala 2030. Mukabwera kudzaona makolo, onetsetsani kuti chiphaso cha unzika muli nacho, ndipo chaka cha 2029 chikamalowa yambani kutchera khutu kuti kalembera wa boma lanu agwera masiku ati, musanapemphe tchuthi.