Chigawo cha masukulu cha Alpine chagawika patatu: kwa achemwali a ku Eagle Mountain amene akufuna kudumpha voti ya bodi

Chisankho cha November 2025 chisanachitike, achemwali ena a ku Eagle Mountain, kuno ku Utah, anandilembera imelo. Anati pepala lovotera lafika pa positi, pali mayina awiri a anthu ofuna kulowa m'bodi ya chigawo chatsopano cha masukulu, onsewo sakuwadziwa, ndiye ankafunsa ngati n'kulakwa kungodumpha pamenepo n'kuchonga za khonsolo ya mzinda basi. Nali yankho limene ndinawapatsa.

Achemwali, kalata yanu yandigunda pabala, chifukwa zimene mukufuna kuchitazo ine ndinazichitapo, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Mu 2007 tinkakhala ku West Jordan, ana anga awiri ali ku pulayimale. Chaka chimenecho mizinda ya kum'mawa kwa chigwa, Sandy, Draper, Midvale, Cottonwood Heights ndi Alta, inavota kuti ichoke m'chigawo cha masukulu cha Jordan, chimene panthawiyo chinali chachikulu kuposa zonse mu Utah. Ine ndinali ndisanakhale nzika, ndiye ndinkaganiza kuti nkhaniyo yandipitirira chifukwa cha mapepala anga. Tsiku lina ndikudikira ana pageti, mayi wina wobadwira konkuno anandiuza kuti nayenso sanavote. Osati ulesi ayi. Lamulo linkalola okhawo ofuna kuchoka kuti avote, otsala kumadzulo ankangoonerera. Ndinaima kukamwa kuli yasa. Mzinda wa Herriman unakasuma kukhoti, koma mu 2010 khoti la apilo linati lamulolo lilibe vuto.

Canyons, chigawo chatsopano cha mizinda imene inachokayo, inayamba ntchito pa 1 July 2009. Inapita ndi dera limene linali ndi mashopu ambiri ndi nyumba zodula, kumene msonkho wa malo umachuluka. Kwathu kunatsala ana ambiri ndi minda imene tsiku ndi tsiku inkasanduka nyumba zatsopano. Kugawana katundu kunavuta mpaka anaitanitsa oweruza apadera, ndipo Jordan inapezeka ikuperewera ndalama pafupifupi madola 30 miliyoni pa bajeti. Ndimakumbukira mwana wanga wamkulu akuphunzirira m'kalasi ya mapulanga yoimikidwa kuseri kwa sukulu, chisanu chili mbee, akuthamangira kuchimbudzi m'nyumba yaikulu atavala jekete. Aphunzitsi ake anali munthu wabwino kwambiri, ankagula mapensulo ndi ndalama za m'thumba mwawo. Ine nthawi yonseyo ndinkangodandaulira kukhitchini. Misonkhano ya bodi inali yotsekukira aliyense, nzika kapena ayi, koma sindinapondeko phazi ngakhale kamodzi.

Chondichititsa manyazi kwambiri chinadza mu 2012. Unzika ndinali nditapeza, pepala langa loyamba lili m'manja. Ndinachonga pulezidenti mtima uli m'mwamba, ndipo nditafika pansi pa mayina a bodi ya sukulu ndinasiya osalemba kanthu. Ndinati sindikuwadziwa. Mawu anu omwewa, achemwali.

Bambo anga akanakhala moyo akanandikalipira. Iwo anali mu komiti ya sukulu kumudzi kwathu, ndipo mu 1994, pulayimale itakhala yaulere, ana atadzaza mpaka pansi pa mitengo ya mango, ndi iwo ankayenda khomo ndi khomo kuuza anthu tsiku loumba njerwa. Sankalandira kanthu. Ankangoti sukulu ndi ya eni mudzi. Mwana wawo ndinawoloka nyanja n'kukafika kumene komiti yoteroyo ili ndi mphamvu yokweza msonkho wa nyumba yanga, koma osafuna ngakhale kudziwa mayina awo.

Ndiye ndinene mosapsatira: pa mavoti onse amene mudzachite ku Eagle Mountain, iyi ndi imodzi mwa zolemera kwambiri. Chigawo cha Alpine chili ndi ana oposa 80,000. Mu November 2024 Lehi, American Fork, Highland, Cedar Hills ndi mzinda wa Alpine anavota zopanga chigawo chawo, inu ndi Saratoga Springs, Cedar Fort ndi Fairfield munavotanso chanu, ndipo Orem, Pleasant Grove, Lindon ndi Vineyard anangotsala okha osafunsidwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anthu a ku Orem anakana kuchoka mu 2022, koma lero awasiya pabwalo ngati mmene anatisiyira ife. Mtima wanga uli nawo.

Inu a kumadzulo mwatenga gawo lofanana ndi lathu lija. Eagle Mountain inali ndi anthu osakwana 3,000 mu 2000, pofika 2020 anali atapitirira 43,000, ndipo ambiri ndi mabanja a ana aang'ono. Makampani akuluakulu monga Adobe ndi Texas Instruments ali ku Lehi, msonkho wawo sudzakhalanso wanu. Nthawi zambiri masukulu atsopano amamangidwa ndi ngongole ya bond, imene anthu amayenera kuvomereza pa voti, ndipo mu 2022 anthu a Alpine anakana ya madola 595 miliyoni. Ifenso ku Jordan tinakana ya 495 miliyoni mu 2013, n'kudzavomera ya 245 miliyoni mu 2016, ana atapanikizana kale zaka zitatu. Kuti anthu avomere ngongole, amayamba akhulupirira amene akuipempha.

Ndipo musaiwale nyumba zikuluzikulu za makompyuta a Facebook zimene zili mumzinda wanu. Mu 2018 bodi ya masukulu inali m'gulu la amene anavomereza kuti kampaniyo ichotseredwe msonkho. Kaya munthu akuti zinali bwino kaya ayi, mfundo ndi yakuti zinthu zotere zimadutsa patebulo la anthu asanu ndi awiri amene mukufuna kuwadumphawa.

N'chifukwa chake ndimakwiya ndikamaona ofuna mipando akuthera msonkhano wonse pa mkangano wa mabuku a mulaibulale. Nkhaniyo ili ndi malo ake, inenso ndine kholo. Koma bodi yoyamba ndi imene imalemba ntchito superintendent (mkulu woyendetsa masukulu onse a chigawo), kugawana mabasi, nyumba ndi ngongole zakale ndi zigawo zinazo, kukonza malipiro kuti aphunzitsi abwino asathawire kutsidya, ndi kujambula malire a masukulu. Zonsezi zichitike pasanafike 1 July 2027, tsiku limene zigawo zatsopano zidzayambe kuphunzitsa. Wosadziwa kuwerenga bajeti asakhale pampando umenewo, ngakhale atakhala wa tchalitchi chanu.

Tsono muchite chiyani

Musadumphe. Papepalapo sipalembedwa chipani, ndiye funsani nokha. Alembereni onse awiri mafunso atatu: sukulu yotsatira imangidwe kuti ndipo ndalama zichokere kuti, aphunzitsi muwasunga bwanji, nanga ana amene kunyumba salankhula Chingerezi ndi ana olumala muwasamala bwanji. Woyankha ndi manambala ndiye wanu. Funsaninso aphunzitsi a mwana wanu pambali, amawadziwa anthuwa. Pepalalo musalichedwetse, kaponyeni nokha m'bokosi la mavoti tsiku la 4 November lisanafike.