Geni ikazizira mu Januwale, musathamangire kubwereketsa katundu

Achemwali, funso lanu ndaliona. Mwati mwangoyamba kumene kukapikula katundu ku Tanzania, ulendo wa Disembala unayenda bwino, koma chilowereni Januwale zitenje ndi nsapato zangokhala m'chikwama, ndipo ndalama yolipira uthenga pa wailesi kapena pa Facebook mulibe. Mukufunsa ngati geniyi imayenda chomwechi, komanso mmene anthu angadziwire za katundu wanu popanda kutulutsa ndalama.

Imayenda chomwecho, musaganize kuti wina wakulodzani. Ine msewu wa ku Songwe, pamalire a Malawi ndi Tanzania, ndauyenda zaka zambiri, ndipo palibe Januwale amene sanandikhazike pansi. Kuyambira Januwale mpaka Malichi ndalama za anthu zimathera ku fizi ya ana, feteleza wobereketsa ndi chimanga chomwe chimakhala chakwera mtengo. Mayi sangagule chitenje m'nyumba mulibe ufa. Zinthu zimayamba kusuntha cha mu Epulo, misika ya fodya ikatsegulidwa ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe ndi Mzuzu, anthu n'kuyambanso kugulitsa soya ndi mtedza. Kenako kumabwera zinkhoswe ndi maukwati m'chilimwe, Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala pomwe chitenje chimayenda ngati madzi, n'kumalizira Khirisimasi. Wodziwa geni amawerengera chaka chonse, osati mwezi umodzi.

Za ulendowo mukudziwa kale: kuwoloka pa Songwe kulowa Kasumulu, kudutsa Kyela ndi Mbeya, mpaka ku msika waukulu wa Kariakoo ku Dar es Salaam. Chimene ambiri sawerengera ndi pomwe phindu limatayikira. Pali basi, pogona, onyamula katundu, kusintha kwacha kuti mupeze mashilingi, ndiye msonkho wa MRA pobwerera. Katundu wambiri wa ku Kariakoo ndi wochokera ku China, choncho msonkho sauzemba. Ndondomeko yopeputsira amalonda ang'onoang'ono ya COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, imathandiza oyenda ku Chipata ndi Lusaka kudzera pa Mchinji, ndipo ndi ya katundu amene wapangidwa m'maiko a bungweli ndipo ali pa mndandanda wogwirizana; Tanzania si membala wa COMESA. Zonsezi ziikeni pa mtengo wa chitenje chilichonse musanatchule mtengo kwa munthu.

Ndayamba ndi zimenezi chifukwa geni ikazizira, mtima umakuuzani zinthu ziwiri: tsitsa mtengo, kapena pereka pa ngongole kuti anthu akudziwe. Zonse ziwiri ndinaziyesa. Mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, katundu wanga wambiri anali m'manja mwa anthu, olipira pakutha pa mwezi. Ena analipiradi, koma ndalama imene inabwerayo sinakwanenso kugula katundu yemweyo. Ndinalira. Ngongole si njira yotsatsira malonda, ndi njira yodyetsera mpamba wanu kwa anthu ena.

Chimene chinandidzutsa ndi kope la sukulu. Aliyense amene wagula kanthu kwa ine ndimamulemba: dzina, nambala ya foni, saizi ya nsapato, mtundu umene amakonda, tsiku lomwe amalandira, kaya ali ndi mwana wamkazi amene akuyandikira chinkhoswe. Nthawi ya Disembala simungathe kulemba zonsezi, manja amakhala ali pa ndalama. Miyezi inoyi ndi imene ndimakhala pansi, kutsegula kopelo n'kuyamba kupereka moni kwa mmodzimmodzi. Moni weniweni, osati chithunzi cha nsapato chongotumiza osafunsa kuti kunyumba kwacha bwanji. Munthu amadziwa ngati mukumufuna iyeyo kapena chikwama chake. Mwa anthu amene ndawapatsa moni, ena amayankha okha kuti, mukapitanso liti, mukandionereko chakuti.

Pa WhatsApp pali chinthu chomwe ambiri sachidziwa. Status yanu imaonekera kwa okhawo amene inu munasunga nambala yawo, iwonso anasunga yanu. Mukhoza kuika zithunzi tsiku ndi tsiku koma oziona ndi abale anu okhaokha. Choncho wogula aliyense, asanachoke, mupempheni asunge nambala yanu inu mukuona, nanunso musunge yake pomwepo. Status imafufutika pakatha maola 24, ndiye ikani zochepa koma kawirikawiri, zitatu kapena zinayi, madzulo pomwe anthu aweruka ndipo agwira mafoni. Zikafika makumi awiri munthu amangodumpha, akusunga bandulo yake. Jambulani panja m'mawa dzuwa lisanawawe, chitenje chiyalidwe bwino kapena muchivale nokha. Ndipo chonde lembani mtengo. Zoti munthu achite kufunsa kumbali zimathawitsa ogula, chifukwa ambiri amachita manyazi kufunsa chinthu chomwe mwina sangakwanitse. WhatsApp Business ndi yaulere, ili ndi malo oikapo katundu yense ndi mitengo yake, kuti wofuna aziona yekha ngakhale inu muli m'basi.

M'magulu a mpingo, a maliro kapena a makolo kusukulu musaponyemo malonda popanda chilolezo. Dzina limaipa msanga kuposa mmene limakomera.

Tsopano mvetsani apa, chifukwa ndi pomwe geni yanga inasinthira. Ukwati wa mu Ogasiti komiti yake imayamba kukumana Febuluwale kapena Malichi, ndipo nkhani ya chitenje cha yunifomu imakambidwa koyambirira. Oda imodzi ya yunifomu imaposa zomwe mungagulitse chimodzichimodzi mwezi wathunthu. Nanga amene amamva za maukwati anthu ena asanamve ndani? Telala, mayi wa saluni, wophika makeke, wokongoletsa holo. Amenewa ndi anzanu. Ine telala wa pafupi ndi kwathu ndimamusiyira zidutswa za zitenje zoonetsa. Wobwera kudzasoketsa akafunsa, amamulozera kwa ine, ndipo wogula kwa ine akafuna kusoketsa ndimamulozera kwa iye. Palibe amene amalipira mnzake. Ku saluni ndimasiyako masilipasi awiri atatu, poti mayi akamalukitsa amakhala maola angapo maso alibe chochita. Ku banki nkhonde nako ndimapita ndi kachikwama, msonkhano ukatha ndimatsegula. Amayiwo amadziwa tsiku lomwe adzagawane ndalama, ndipo amatha kusungitsa chinthu n'kumalipira pang'onopang'ono. Kusiyana kwake ndi ngongole n'koti katunduyo amakhala kwa ine mpaka amalize.

Mukapitanso ku Kariakoo, tengani manambala a eni mashopu omwe mwagulako bwino. Ambiri amatumiza zithunzi za katundu watsopano pa WhatsApp. Zithunzizo muziwaonetsa makasitomala anu musananyamuke, wofuna apereke theka pa Airtel Money kapena Mpamba, mumulembere m'kope ndi kumutumizira uthenga wotsimikiza. Mukatero mumanyamuka mukudziwa kuti gawo la katundu lili ndi eni ake kale, ndipo kumeneko maso sakunamizani. Kariakoo ndi malo oti ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndinabwerako kamodzi ndi zikwama zonyezimira zomwe zinandikongolera ine ndekha, zinatha chaka zili pakhoma. Koma ndalama ya oda ndi ya mwini wake. Musaidye, musaibwereke ngakhale kunyumba kutavuta, ndipo mukapeza kuti chinthu chomwe anasankha chatha, muimbireni muli komweko asankhe china kapena mum'bwezere yonse. Mayi mmodzi amene mwamusungira chilungamo chotere amakubweretserani a ku ofesi kwake onse.

Za ulendo wina, ine ndikanati mudikire kaye. Kupita ku Dar es Salaam mu Febuluwale ndi katundu wa Disembala ali m'nyumba ndi kungolipirira basi. Sabata ino gulani kope, mukumbukire onse amene anagula kwa inu mu Disembala, muwalembe, ndipo amene mulibe nambala zawo mukazifunefune. Mukatero mupite mukacheze ndi telala wa m'dera lanu. Isitala ikamayandikira mundiuze maoda omwe mwasonkhanitsa, tidzaone ngati akwana kunyamukira.