Kubweretsa maliro kuchokera ku Joni: kodi kunyamula thupi m'ngolo n'kunyoza malemu?

Mayi wina wa ku Mulanje wandilembera kalata pa imelo. Achimwene ake amwalira ku Johannesburg, ndipo anzawo a malemu amene akuyendetsa zonse kumeneko anena kuti thupi libwera pamsewu, m'ngolo yokokedwa ndi minibasi. Mayiyu akufunsa ngati kumeneku sikunyoza malemu, ngati thupi lingafike lili bwino moti abale n'kuona nkhope, komanso ngati banja liyenera kukongola ndalama kuti lipeze galimoto yeniyeni yonyamula maliro.

Pepani kwambiri, mayi, ndi zovuta zimene zakugwerani. Yankho langa ndi lakuti musakongole ndalama chifukwa cha galimoto. Chimene chingachititse kuti achimwene anu afike mwaulemu ndi mmene thupi lawo lakonzedwera lisananyamuke, ndiponso ngati mapepala ali okwanira.

Ulendo umene thupi liyende ndi wa makilomita opitirira 1,600. Galimoto imatuluka mu South Africa pa Beitbridge, imadutsa Harare mpaka ku Nyamapanda, imalowa mu Mozambique, imawoloka Zambezi ku Tete, ndipo imafika kwathu kuno kudzera pa Zobue ndi Mwanza. Maliro opita m'chigawo chapakati nthawi zambiri amapatukira njira ya ku Dedza. Aliyense amene anadutsapo ku Tete akudziwa kutentha kwa kumeneko, ndipo pa chipata chilichonse galimoto ikhoza kuima kwa maola angapo. Ngolo zimene makampani a maliro amagwiritsa ntchito ndi zotsekedwa, zili ndi denga ndi chitseko chokhoma, ndipo bokosi limamangidwa ndi malamba kuti lisagwedezeke. Ubwino wake ndi wakuti operekeza maliro amakhala m'minibasi pamodzi ndi katundu wa malemu, ndipo ndalama imodzi imakwanira zonse ziwiri. Galimoto zazitali zamagalasi zimene timaziona m'tauni anazipangira ulendo waufupi wochoka kunyumba yachisoni kupita kutchalitchi ndi kumanda, ndipo kukongola kwake sikuteteza thupi ku kutentha.

Munthu akamwalira, thupi limayamba kuuma pakapita maola ochepa, ndipo tizilombo ta m'matumbo timayamba kuliwononga kuchokera m'kati. Firiji ya m'nyumba yachisoni, imene imazizira pa madigiri 2 mpaka 4, imangochedwetsa zimenezi, ndipo thupi likatuluka m'menemo kuwonongeka kumapitirira. N'chifukwa chake thupi loyenda ulendo wautali liyenera kukonzedwa ndi mankhwala. Wokonza amatsegula mtsempha waukulu wa pakhosi kapena wa pantchafu, amapopera mankhwala a fomalini m'mitsempha kwinaku magazi akutuluka, kenako amachotsa madzi a m'mimba ndi m'chifuwa n'kuthiramo mankhwala enanso. Akatero amasoka pamene anatsegula, amatseka maso ndi pakamwa, amasambitsa thupi ndi kuliveka. Ntchito imeneyi ikagwiridwa bwino, ndiponso mwamsanga, thupi limapirira ulendo wonse ndipo nkhope imazindikirika, ngakhale kuti khungu limada pang'ono ndipo limalimba. Zimandipweteka mtima kuti mabanja ena amalipira ndalama zonse koma wokonza amangobaya jakisoni apo ndi apo, ndipo zotsatira zake zimaonekera kumudzi pamene adzukulu akutsegula bokosi pamaso pa anamfedwa.

Choncho pemphani mmodzi mwa anzawo a malemu, munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, kuti apite yekha kukaona thupi likatha kukonzedwa, bokosi lisanatsekedwe. Atsimikize kuti ndi achimwene anu, popeza m'nyumba zachisoni za mzinda waukulu ngati umenewo mumakhala matupi ambiri, ndipo aonenso kuti dzina lolembedwa pa kachikwangwani ka pathupi ndi lomwe lili pa mapepala. Afunse ngati thupi laikidwa m'thumba lomata bwino m'kati mwa bokosi, ndipo aione ndi maso ake ngolo imene inyamule malirowo: matayala ake, tayala lapadera ndi loko wa chitseko. Afunsenso ngati madalaivala ali awiri, pakuti munthu mmodzi sangayendetse mtunda wonsewo popanda kusinza.

Pa nkhani ya mapepala, pamafunika kalata ya imfa yochokera ku Department of Home Affairs (unduna wa zam'dziko wa South Africa), kalata yotsimikiza kuti thupi lakonzedwa ndi mankhwala, kalata ya dokotala yonena ngati malemu anali ndi matenda opatsirana, chilolezo cha unduna wa zaumoyo wa South Africa chotulutsira thupi m'dzikomo, ndi kalata ya ku ofesi ya kazembe wa Malawi. Kampani yodziwa ntchito yake imayendetsa zonsezi yokha, koma banja liyenera kupereka pasipoti kapena chiphaso cha malemu. Ngati imfa inachitika pa ngozi, mwachiwawa kapena mosadziwika bwino, apolisi amatengera thupi kunyumba yachisoni ya boma kuti madokotala aliyeze, ndipo silingatuluke kufikira iwo atamaliza. Zikatero musafulumire kulengeza tsiku loika maliro, chifukwa anthu akasonkhana pasiwa kwa sabata yathunthu, ufa ndi nkhuni zimatha thupi lisanawoloke n'komwe mtsinje wa Limpopo pa Beitbridge. Ndi bwino kudziwitsa amfumu za imfayo tsopano, koma kukumba manda kudikire mpaka mutamva kuti galimoto yadutsa Beitbridge.

Njira ina ndi ya ndege, kuchokera pa bwalo la OR Tambo ku Johannesburg kudzatera ku Chileka. Ndi yachangu, koma mtengo wake ndi wokwera chifukwa thupi liyenera kukhala m'bokosi lachitsulo lomatidwa, ndipo operekeza amadzigulira matikiti awoawo. Abale athu ena achisilamu, amene chipembedzo chawo chimafuna kuti maliro aikidwe msanga, amasankha kuika ku South Africa komweko, ndipo palibe amene ayenera kuwaweruza.

Maliro akafika, bokosi liikidwe m'chipinda chozizirirapo, kutali ndi dzuwa ndi moto. Akuluakulu awiri kapena atatu ayambe aona okha asanaitane anthu kudzaona nkhope, ndipo ngati aona kuti thupi lasintha, alimbe mtima kuuza anthu kuti bokosi silitsegulidwa. Musalisambitsenso thupi lokonzedwa kale, chifukwa fomalini amawawa m'maso ndi m'mphuno, ndipo kulitembenuza kungatsegule malo amene anasokedwa. Ngati mtima wanu ukufunabe galimoto yooneka bwino, makampani a maliro a ku Blantyre amabwereketsa galimoto zotero, ndipo mukhoza kulandira thupi kumeneko n'kulisamutsa pa mtunda wotsala wopita ku Mulanje, umene mtengo wake banja lingaukwanitse ndi ndalama za chipepeso.