Musawalande khasu bambo anuwo

Achemwali, mwafunsa ngati muwaletse bambo anu kulima ndi kupalasa njinga popeza adokotala apeza kuti mtima wawo ukugunda mosalongosoka, matenda aja amati atrial fibrillation. Ine ndili ndi zaka 67, ndimakhala cha ku Likhubula, ndipo vutoli ndakhala nalo zaka zisanu. Musawalande khasu. Munthu wozolowera ntchito mukamukhazika pakhonde tsiku lonse, BP ndi maganizo ndi zimene zimamumaliza.

Pa matendawa, zipinda ziwiri zam'mwamba za mtima zimangonjenjemera m'malo mopopa bwino. Agwireni mtsempha wapadzanja mumve: ngati mwana amene akuphunzira kumene ng'oma, apa kuthamanga, apa kudumphitsa. Choopsa chenicheni n'chakuti magazi amadikha mumtimamo n'kuundana, kachibuluma kaja n'kuthawira ku ubongo. Sitiroko imeneyo, ndipo ife imatipeza mosavuta pafupifupi kasanu kuposa anzathu. Ndiye mkangano wanu ndi madalawo ukhale pa mapiritsi, osati pa njinga.

Ngati awapatsa warfarin ngati ine, mapiritsi oletsa magazi kuundana, aziyezetsa magazi tsiku limene auzidwa. Amayeza INR, muyeso wosonyeza kuchedwa kwa magazi kuundana, ndipo kwa ambirife imafunika ikhale pakati pa 2 ndi 3. Ikatsika magazi amaundana, ikakwera kabala ka lumo kamakuchititsa manyazi, magazi osasiya kutuluka. Ine ndinaphunzira mowawa. Dzino litandivuta ndinagula Brufen pagolosale, osafunsa aliyense. Pasanathe sabata, nkhama magazi okhaokha, chimbudzi chakuda bii. Brufen, diclofenac ndi aspirin asamwe dokotala asananene. Bactrim ndi Flagyl amawonjezera mphamvu ya warfarin, mankhwala a TB amaichepetsa, choncho aliyense wowalembera mankhwala aziyamba wauzidwa. Zitsamba za aneba achifundo zija, muzithokoza n'kuziika pambali.

Wina akuuzani kuti asiye ndiwo zamasamba. Bodza. Nkhwani, bonongwe ndi mpiru zili ndi vitamini K amene amalimbana ndi warfarin, inde, koma chofunika n'kudya mofanana sabata ndi sabata. Osati dzinja masamba m'mawa ndi madzulo, chilimwe usipa wokhawokha, kenako n'kumadabwa kuti INR yasokonekera.

Kumunda ndimapita dzuwa lisanakwere, ndi botolo la madzi. Muyeso wanga ndi wosavuta: ngati ndikutha kulima uku ndikucheza ndi mayi akunyumba, zili bwino. Mawu akayamba kuduka, kapena chizungulire, kapena pachifuwa pathina, ndimakhala pansi. Zikapanda kusiya, kuchipatala. Njinga ndimapalasabe mpaka pa Chitakale, koma katundu wolemera pamtunda ndimakankha. Dziwaninso kuti womwa warfarin akagwa n'kumenyetsa mutu ayenera kuonedwa tsiku lomwelo, ngakhale adzuke akuseka, chifukwa magazi amatha kuchucha mkati mwakachetechete. N'chifukwa chake ku Sapitwa, mamita 3,002 kuja, ndinasiyira anyamata. Masiku ano ndimathera pa Dziwe la Nkhalamba, dzinalo likundiyeneranso.

Tiyi sindinasiye, wa ku Mulanje angasiye bwanji? Mowa ndi umene umautsa mtimawu, makamaka wapamaliro ndi paukwati, womwa kamodzi koma mpaka mbandakucha. Mchere achepetse, BP ndi shuga aziyezetsa.

Mukapitanso nawo, funsani ngati anawajambula mtima kuona mavalavu, ngakhale zitafunika kukafika ku Queens. Kuno ambiri vutoli limayambira ku valavu imene inawonongeka ndi matenda a pakhosi paubwana, ndipo zimenezi zimasintha mtundu wa mankhwala oyenera.

Pomaliza auzeni onse apakhomo, ndi adzukulu omwe: pakamwa pakapotoka, dzanja likalefuka, kapena lilime likalemera, musadikire kuche. Pezani galimoto nthawi yomweyo, buku lawo lakuchipatala ndi mapaketi a mankhwala zili m'manja. Langa limakhala m'jumbo pamsomali wakuseri kwa chitseko.